Mwana wagonekedwa ndi malungo aakulu: womudikirira achite chiyani, nanga mantha a chipatala tingawachepetse bwanji?

Malume_Nchalo

Akuluakulu ndi amayi, ndithandizeni nzeru. Mwana wa achemwali anga, wamwamuna wa zaka 4, amugoneka dzulo ku wodi ya ana ndi malungo aakulu. Anakomoka kawiri asanafike naye kuchipatala. Pa sikelo walemera makilogalamu 14. Akuti magazi ndi ochepa, mwina amuika ena, ndiponso atchula zotenga madzi a pamsana. Akuchimuna akukana zonse ziwiri, akuti timutulutse. Mawa ndikupita kukawalandira achemwali kuti akaone ana ena kunyumba. Ndinyamule chiyani, ndipo ndizikayang'ana chiyani? Chinanso, mwanayu akangoona wovala zoyera akukuwa mpaka kusasa mawu. Akuluakulu ambiri ukawafunsa za chipatala paubwana wawo amangokumbuka jakisoni ndi kupanidwa. Pali njira yoti iyeyu asakule nazo?

Namwino_wa_ana

Malume, pepani ndi matenda. Zomutulutsazo zisachitike. Pa malungo aakulu, tsiku loyamba ndi lachiwiri ndi amene ali oopsa, ndipo ana ambiri amene amatisiya amatisiya m'maola 24 oyambirira. Mwana wanu ali pakati pa nthawi imeneyo.

Mankhwala ake masiku ano ndi artesunate wobaya, osati kwinini wa m'diripu amene ambiri timamukumbukira ndi kulira kwa m'makutu. Amabaya pofika, kenako pakatha maola 12, kenako pa maola 24, ndipo kuchokera apo kamodzi patsiku mpaka mwana atayamba kumeza bwino. Mwana wosakwana makilogalamu 20 amalandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse, ndiye wanuyo ndi mamiligalamu 42 ulendo uliwonse. Majakisoni atatu oyambawo ayenera kukwana ngakhale mwana adzuke n'kupempha phala atangolandira woyamba. Ntchito yanu ndi kusunga ola. Funsani kuti woyamba anabaya nthawi yanji, mulembe papepala, muwerengere nokha. Wodi ikadzaza, makamaka kuyambira Januwale mpaka Epulo, jakisoni amadumphika chifukwa dzina linaitanidwa gadiyani ali ku chitando kukaphika. Ola likakwana ndipo simunaitanidwe, pitani mukakumbutse mwaulemu. Palibe namwino amene angakudeni chifukwa cha zimenezo.

Kanula, kaja kali pamkono kapena paphazi, ndi kapaipi kofewa. Singano inachoka kale atangokaika, choncho mwana akapinda mkono sikuti akubayika. Muzikayang'ana pafupipafupi. Pakatupa, pakazizira, pakafiira, kapena mwana akakuwa mosiyana ndi kale pamene akuthira mankhwala, ndiye kuti katuluka mumtsempha ndipo mankhwala akungolowa m'mnofu. Nenani msanga. Posambitsa pasanyowe. Magazi akamabwerera m'chubu, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti thumba latsitsidwa kapena latha. Popita naye kuchimbudzi thumba likhale pamwamba pa mkono. Kagudumu kochepetsera madontho musakakhudze. Odikirira ena amakatsegula kuti diripu ithe msanga, koma mwana wochepa magazi mtima wake ndi wotopa kale, ndipo madzi akalowa mothamanga amadzaza m'mapapo.

Chachiwiri ndi shuga. Mwana wa malungo aakulu shuga amatsika m'thupi mwake mofulumira, chifukwa sakudya ndipo tizilombo ta malungo nato tikudya shuga yemweyo. Mukaona wafooka mwadzidzidzi, thukuta lozizira, sakudzuka mukamugwedeza, kapena wayambanso kukomoka, musadikire kuti adokotala adzazungulire m'mawa. Itanani pomwepo, usiku kapena masana. Akakomoka m'gonekeni chammbali, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamuthire madzi, ndipo onani nthawi. Kukomoka kopitirira mphindi 5 kumafuna mankhwala. Dziwaninso kuti kukomoka kwina n'kobisika: kachala kamodzi kakugwedezeka, diso likuphethira lokha, malovu akutuluka, maso ayang'ana mbali imodzi. Wodikirira ndiye amaona zimenezi koyamba chifukwa ndi iye ali pafupi.

Ngati ali ndi tulo tambiri ndipo sakumeza bwino, musamukakamize phala. Limapita m'mapapo n'kuyambitsa chibayo pamwamba pa malungo. Ndi chifukwa chake timaika kachubu kodutsa m'mphuno kupita m'mimba. Kachubuko sikatseka mpweya.

Tsopano za magazi. Amayeza ndi kadontho ka pachala, ndipo m'fayilo amalemba Hb. Mwana wathanzi wa msinkhu uwu amakhala pa 11 kupita m'mwamba. Malangizo a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati wotsika kufika pa 4 aikidwe magazi, ndipo wa pakati pa 4 ndi 6 aikidwe ngati akupuma mwabefu, mtima ukulephera, kapena sakudziwa kanthu. Mlingo wake ndi mamililita 20 pa kilogalamu, ndiye wa makilogalamu 14 ndi pafupifupi mamililita 280, olowa pang'onopang'ono kwa maola 3 kapena 4. Magaziwo amayezedwa HIV, matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, ndi chindoko, ndiponso amawayerekeza ndi a mwanayo asanawaike. Ambiri amachokera ku bungwe losonkhanitsa magazi la Malawi Blood Transfusion Service, koma akasowa, achibale amapemphedwa kupereka. Mphindi 15 zoyambirira musachoke pabedi. Akayamba kunjenjemera, zidzolo, kutupa kumaso kapena kubanika, itanani kuti aimitse.

Akuchimuna muwauze kuti chiwindi, bonongwe ndi nyemba n'zabwino ndithu, koma zimabweza magazi m'masabata. Madzi a masamba a mapeyala ndi zakumwa zofiira sizibweza n'komwe, kufiira kwake n'kwa maso chabe. Mwana amene ali pa 4 akufuna magazi lero.

Kiliniko_wa_mchigwa

Anamwino afotokoza zambiri, ine nditenge la madzi a pamsana chifukwa ndi limene limathawitsa mabanja usiku.

Kuno ku chigwa cha Shire ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi ngakhale asakudwala. Choncho mwana akakomoka ndipo kachipangizo koyezera malungo kasonyeza mizere iwiri, sizitanthauza kuti chamukomola ndi malungo okha. Matenda oumitsa khosi amabwera ndi maonekedwe omwewo: kutentha thupi, kukomoka, kusadziwa kanthu. Artesunate sawakhudza n'komwe. Amafuna mankhwala ena, monga ceftriaxone, kwa masiku ambiri. Njira yosiyanitsira ndi kuona madzi aja.

Mwana amamugoneka chammbali, maondo kuchifuwa, kuti mafupa a msana atseguke. Singano imalowa m'munsi mwa msana, cha m'chiuno, pamalo pamene chingwe cha mitsempha ya msana chinatha kale kumtunda. Amatenga madontho ochepa, osadzaza supuni yaing'ono, ndipo thupi limabweza madziwo m'maola ochepa. Madzi abwino amaoneka oyera mbee, a matenda oumitsa khosi kawirikawiri amakhala a mbuu. Ngati mwana wafooka kwambiri kapena pali zizindikiro zoti ubongo watupa, adokotala eniake amaimitsa kaye n'kuyamba mankhwala onse awiri. Mbiri yoti madzi a pamsana amapha kapena amalumalitsa inabwera chifukwa amene amatengedwa madziwa ndi ana odwalitsa kale. Chimodzimodzi ndi okosijeni. Anthu amaona mwana wamwalira ali ndi timachubu m'mphuno n'kumati mpweya wamupha, pamene unamuchedwera. Mabanja amene amakana mpaka mwana atafika pothera ndi amene amalimbitsa mbiriyo osadziwa.

Mukaona tikumutsina pachikhadabo kapena kumudina pachifuwa, si nkhanza. Tikuyeza kuya kwa kukomoka: kodi maso akutsata nkhope ya mayi, akulira bwanji, akukankha dzanja lomupweteka kapena ayi. Muyeso umenewu unapangidwa ku Blantyre ndi a Malcolm Molyneux ndi a Terrie Taylor kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo maiko ambiri amaugwiritsa ntchito pa dzina la Blantyre Coma Score. Umayambira 0 kufika 5. Wa 5 ali maso bwinobwino, wa 2 kutsika m'munsi wakomoka kwenikweni. Mutha kufunsa m'mawa uliwonse kuti lero ali pa ingati, mudzaona nokha ngati akukwera.

Kupuma kuwerengeni nokha mwana ali chete, kwa mphindi yathunthu. Wa chaka 1 mpaka zaka 5, kupuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi ndi kothamanga. Kupuma kozama ngati wathamanga mtunda, kapena chifuwa kulowa m'kati m'munsi mwa nthiti, n'koopsa kuposa kutentha thupi.

Za chilolezo zikambidwe lero, pafoni, usiku usanafike. Kwa Amang'anja mawu a malume amalemera, kwa Asena ambiri mwana amayang'aniridwa ndi akuchimuna, ndipo m'mabanja osakanikirana nthawi imatha anthu akuimbirana. Ku wodi timafuna kholo kapena womudikirira amene ali pomwepo avomere. Ngati bambo ake akukayika, aloleni alankhule ndi adokotala pafoni yanu, amve okha. Ambiri amakana chifukwa anamva nkhani itadutsa m'kamwa mwa anthu atatu.

Akanena zotumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, musadabwe ndipo musaganize kuti zatha. Kuchokera ku Chikwawa boma ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50, kuwoloka mlatho wa Kamuzu n'kukwera mapiri kuchokera pa Thabwa. Kalata yotumizira ndi buku la kuchipatala zikhale m'manja mwanu, osati m'chikwama chotsalira ku chitando. Tengani juzi ndi bulangete. Mwana wa ku chigwa amazizidwa ku Blantyre ngakhale eni ake akuti kwatentha.

Mayi_a_ku_Tengani

Takhuta (zikomo m'Chisena), anamwino ndi adokotala. Koma achimwene, pamodzi pokha sindikugwirizana nanu. Mwana wa zaka 4 wodwala chonchi musamuchotsere mayi ake. Inuyo pitani mukakhale wachiwiri: wophika, wotunga madzi, wothamangira zosowa, wolowa m'wodi mayi akapita kukasamba. Ana a kunyumba apezereni agogo kapena azakhali. Funsaninso ngati abambo amaloledwa kugona m'wodi ya ana, chifukwa ogona pansi m'menemo ambiri ndi amayi oyamwitsa, ndipo mungapezeke mukugona pakhonde.

Zonyamula: zitenje zosachepera zinayi, chifukwa mwana wa malungo amasanza ndi kukodza pogona, ndipo chimodzi chikhale chouma nthawi zonse. Mkeka kapena mphasa yanu. Neti ndi chingwe, ngakhale mwamva kuti pabedi ilipo, popeza inu wogona pansi mulibe, ndipo udzudzu wa m'mbali mwa Shire sudikira kuti muchoke kuchipatala. Beseni, ndowa yokhala ndi chivundikiro, sopo wochapira ndi wosambira, kapu, supuni yaing'ono, mbale, poto, mbaula ndi makala. Tochi ndi chaja ya foni. Ufa wa phala, nsinjiro, shuga pang'ono, mchere, mafuta. Chipatala cha boma chimapatsa chakudya wodwala, koma wodikirira amadziyang'anira yekha. Ndalama zambiri zikhale pa Mpamba kapena Airtel Money, m'thumba mukhale zochepa.

Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira WaterGuard, m'chigubu chanu chotseka. Kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbuka. Sambani m'manja ndi sopo mukachoka kuchimbudzi ndi musanamudyetse, chifukwa mwana amalowa ndi malungo n'kutola kutsegula m'mimba m'wodi momwemo.

Miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40. Mwana wotentha thupi musamufunditse mabulangete chifukwa akunjenjemera. M'vuleni, m'fundeni chitenje chimodzi chopepuka, m'pukuteni ndi madzi ofunda pang'ono, osati ozizira. Panado wa kunyumba musamupatse mobisa. Ku wodi akumupatsa kale, maola 6 aliwonse molingana ndi sikelo yake, ndipo wowonjezera amawononga chiwindi. Mankhwala azitsamba amene alendo amabwera nawo m'botolo muwakane poyera, ndipo mphini asamuteme: mwana wochepa magazi alibe oti ataye. Ngati anamwetsedwa kale china kunyumba, auzeni adokotala. Sakudzudzulani, akufuna adziwe chimene chili m'thupimo.

Gwirizanani ndi mayi wa pabedi loyandikana. Wina akapita kukaphika, mnzake aziyang'anira ana onse awiri ndi kumvera mayina. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo m'wodi mwambiwu umagwira ntchito ola lililonse.

Ngati muli ku chipatala cha mishoni, monga St Montfort ku Nchalo kapena Trinity ku Muona, funsani msanga ku ofesi kuti zolipira ndi ziti, chifukwa zipatala zina za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, zili ndi mgwirizano ndi boma pa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Ku chipatala cha boma mankhwala ndi magazi salipiritsa.

Mlezi_Bangula

Ine ndiyankhe funso lachiwiri, poti ndi limene anthu amalitenga ngati laling'ono.

Mwana wosakwana zaka 3 kawirikawiri sakula ndi nkhani yoti angadzafotokoze, ngakhale mantha amatha kutsala. Wa zaka 4 ali pamalire. Adzakumbuka zidutswa: fungo la mankhwala opukutira pansi, thonje lozizira pamkono, anthu atamugwira miyendo. Pa msinkhu umenewu ana amaganiza kuti zowawa ndi chilango. Ndiye mawu aja amene timanena tsiku ndi tsiku kumudzi, akuti ukapanda kudya ndikuitanira adokotala akubaye, amabwerera onse pamodzi. Mwanayo amaona kuti zachitikadi, ndipo amafunafuna chimene walakwa. Muuzeni momveka, kangapo, kuti sanalakwe kanthu, ndi udzudzu umene unamupatsa matenda. Muletsenso alendo kumuopseza ndi anamwino kuti akhale chete.

Musamunamize kuti sizipweteka. Akanamizidwa kamodzi, chilichonse chimene munganene pambuyo pake sachikhulupirira, ngakhale choyezera kutentha thupi amachithawa. Nenani zoona koma zazifupi, patatsala mphindi zochepa, osati kuyambira m'mawa: kabaya pang'ono, tiwerenga limodzi mpaka 10, ndipo ine ndili pompano. Zimene sizipweteka muzimuuzanso. Mankhwala othira pa kanula alibe singano, amangozizira kapena kuyabwa pang'ono, ndipo mwana akadziwa zimenezi theka la kukuwa limatha.

Chimene akuluakulu amakumbuka kwambiri si singano yeniyeniyo koma kugonekedwa chagada anthu atatu atawapana. Pemphani kuti pobaya kapena potenga magazi mwana akhale pamiyendo pa mayi ake, chifuwa ndi chifuwa, miyendo yake mbali ndi mbali, mkono umodzi wokha utatuluka pansi pa khwapa la mayi kuti namwino agwire. Wagwidwa molimba chimodzimodzi, koma kwa iye wakumbatiridwa. Anamwino ambiri amavomera chifukwa ntchito imayendanso msanga. Pa madzi a pamsana ayenera kugona, koma mayi atha kukhala kumutu kuti aziwaona. Khanda loyamwa liziyamwa pobaya, kuyamwa kumachepetsa ululu.

Mayi akhale ndi mawu otsika. Kunena pepa, pepa, usaope ndi mawu onjenjemera kumamuuza mwana kuti palidi choopsa. Bwino kumufunsa zina: mbuzi za kwa agogo zilipo zingati, bwato lija linali ndi anthu angati, kapena kumuuzitsa mpweya pakachidutswa ka pepala kuti kagwedezeke. Kanema wa pafoni amathandizanso. Kulira musamuletse, ndipo zoti mwamuna salira zisamveke. Muyamikireni pa chimene wachita, monga kusagwedeza mkono. Mupatseninso kosankha pa tinthu tating'ono, monga kapu iti, chala chiti, chifukwa zina zonse zikusankhidwa ndi ena.

Ndikugwirizana ndi amayi a ku Tengani kuti mayi asachoke. Koma ngati palibe kuchitira mwina, asazembe mwana ali m'tulo. Atsanzike, anene tsiku lobwera m'njira imene mwana angamve, monga ukagona kawiri, amusiyire chitenje chawo, ndipo abweredi tsikulo. Adzalira pa kutsanzika, koma amene wazembedwa amasiya kugona, kuopa kuti akatsinzina wina achokanso.

Akayamba kupeza bwino, m'patseni chosewera. Chidole cha nsalu kapena cha chitsononkho, zitsekerero za mabotolo, pensulo ndi kope. Galimoto ya mawaya ayi, imakola chubu. Mudzaona akubaya chidole ndi kamtengo mobwerezabwereza, mwina mwaukali. Musamuletse, ndi mmene ana amagayira zimene zawachitikira. Muthanso kumuuza dzina la namwino mmodzi, kuti wovala zoyera akhale munthu amene amapatsana naye moni.

Lovuta kwambiri ndi la mwana wa pabedi lina akamwalira, ndipo m'wodi ya malungo zimachitika. Ngati n'kotheka m'tulutseni panja kapena m'tembenuzireni kwa inu. Akafunsa, musanene kuti wagona, chifukwa adzaopa tulo. Nenani kuti anadwala kwambiri ndipo wamwalira, amayi ake akulira chifukwa amamukonda, koma iwe mankhwala akugwira ndipo ndili nawe. Akafunsanso mawa, yankho likhale lomwelo.

Akabwerera kunyumba musadabwe akayambanso kukodza pamphasa, kukakamira kumsana, kulota zoopsa kapena kukana anthu achilendo. Zimatha m'masabata ochepa ngati sakumenyedwa kapena kusekedwa. Chinanso chimene ambiri sadziwa: mwana wa msinkhu uwu nkhani yonse amaitenga kwa akuluakulu. Mlendo aliyense akamauzidwa pamaso pake kuti anangotsala pang'ono kufa, anakuwa mpaka anthu anayi kumugwira, chimenecho ndi chimene adzasunge. Za imfa kambiranani iye kulibe. Pamaso pake muzinena zoona zina: unadwala, unapereka mkono, anakuika magazi, tsiku lachitatu unapempha nthochi.

Namwino_wa_ana

Alezi anena zoona, koma ndiwonjezere kuti pa ngozi, mwana akukomoka kapena shuga watsika, sitidikira kuti akhale bwino pamiyendo. Pamenepo mutipatse malo. Zina zonse, monga kutenga magazi m'mawa ndi kusintha kanula, pemphani ndithu.

Mlangizi_wa_kutsidya

Malume, ine za potuluka, chifukwa ife a m'midzi ndi amene timawaona ana akabwerera. Miyezi yoyambirira pambuyo pa kuikidwa magazi mwana amakhalabe pa chiopsezo chachikulu chodwalanso kapena kumwalira, koma banja limakhala litapumula kale.

Majakisoni akatha amapatsidwa LA wa masiku 3 athunthu. Wa makilogalamu 5 mpaka osakwana 15 ndi piritsi limodzi ulendo uliwonse, maulendo 6: loyamba, lachiwiri pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsatira. Wanu ali pafupi ndi malire, ndiye onetsetsani kuti amuyezanso sikelo, popeza kuyambira 15 ndi mapiritsi awiri. LA amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta, monga mkaka kapena phala la nsinjiro. Akasanza asanathe mphindi 30, abwereze, ndipo mukatenge piritsi lina lolowa m'malo. Cholakwika chachikulu ndi kusunga otsala kuti adzathandize mng'ono wake.

Artesunate wobaya nthawi zina amatsitsanso magazi patatha sabata imodzi mpaka atatu, mwana akuoneka ngati wachira. Muziyang'ana zikhato, lilime ndi m'kati mwa zikope. Zikayera, maso akachita chikasu, mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, kapena akamatopa msanga posewera, bwererani tsiku lomwelo. Tsiku limene alemba m'buku loti adzayezenso magazi musalidumphe. Akamupatsa mankhwala owonjezera magazi, amwe miyezi 3, osati pamodzi ndi tiyi, ndipo chimbudzi chikada musaope. Muwaike patali, chifukwa mwana akameza ambiri nthawi imodzi ndi poizoni. Mu 2022 WHO inalangiza kuti ana otuluka m'chipatala atachepa magazi kwambiri, m'madera a malungo ambiri, azipatsidwa mankhwala oteteza malungo m'miyezi yotsatira. Funsani ngati akuperekedwa kumeneko.

Malungo si okhawo amene amamaliza magazi a ana kuno. Njoka za m'mimba ndi likodzo zilipo zambiri, makamaka kwa ana osamba m'ngalande za m'minda ya nzimbe ndi m'madambo a Elephant Marsh. Funsani za albendazole, mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo ngati munaonapo magazi kumapeto kwa mkodzo wake, nenani.

Mwana amene anakomoka ndi malungo muzimuonetsetsa miyezi ingapo. Kodi akumva mukamuitana kumbuyo, akulankhula ngati kale, akuyenda osakoka mwendo, akugwa ngati wa khunyu thupi lisakutentha? Ena amasintha khalidwe, amakhala aukali kapena osakhazikika, ndipo kumudzi amangoti wasanduka wamwano. Apa pakufunika kusiyanitsa ndi zimene anena alezi zija: za mantha zimachepa sabata ndi sabata, za ubongo sizichepa zokha. Zikapitirira mwezi, pitani naye.

Neti usiku uliwonse, ngakhale kutenthe bwanji, ndipo ogona panja aimangirire panja pomwepo. Katemera wa malungo anayamba kuperekedwa ku Malawi mu 2019, kwa makanda kuyambira miyezi 5. Wanuyu wapitirira msinkhu woyambira, koma ngati ali ndi mng'ono wake wakhanda, onani buku lake. Katemerayo amachepetsa malungo aakulu koma salowa m'malo mwa neti.

Kwa a kutsidya kuno, ku Makhanga, Muona ndi Makhuwira, nthawi ya mvula musanatuluke funsani kuti chipatala chapafupi chimene chingayeze magazi ndi chiti. Ruo ndi Shire zikasefukira, monga mu 2015 ndi pa namondwe Freddy mu 2023, njira zimaduka kwa masiku. Mukhale ndi nambala ya wa kabaza ndi wa bwato, ndiponso mudziwe kumene kuli chipatala cha m'mudzi cha ana osakwana zaka 5. Alangizi ambiri amasunga zoyezera malungo, LA, Thanzi ndi zinc, ndipo ena ali ndi artesunate woika kumbuyo, wothandiza mwana panjira. Ameneyo si mankhwala ochiza, ulendo wa kuchipatala upitirire.

Malume_Nchalo

Zikomo nonse. Takambirana, achemwali atsala, ine ndikhala ku chitando. Bambo ake avomera kulankhula ndi adokotala. Funso limodzi: akandipempha kupereka magazi, a malume ndi ofanana ndi a mwana?

Kiliniko_wa_mchigwa

Osati nthawi zonse. Ubale sutsimikiza gulu la magazi, ngakhale mayi ndi mwana amatha kusiyana. Adzakuyezani gulu, kuchuluka kwa magazi anu ndi matenda aja anatchula anamwino, ndipo zotsatira ndi zanu nokha. Ngati simukufanana, anu amasungidwa kuti athandize wodwala wina, mwana n'kupatsidwa ena oyenera. Amatenga pafupifupi mamililita 450, kutengako kumatha mphindi zosapitirira 15. Mudye kaye, mumwe madzi ambiri, mowa ayi kuyambira lero, ndipo mukatha musapalase njinga padzuwa kubwerera ku Nchalo tsiku lomwelo. Tengani munthu wina wachiwiri wathanzi, kuti wina akakanidwa pasakhale kuyambanso kuimba mafoni.